Masabata Atatu Amene Kompyuta ya a Tepi Inakhala Chete

Mundikhululukire poyamba penipeni, chifukwa ine si mlembi. Chibadwire sindinalembepo chinthu chotalika kuposa mayeso a kukoleji ndi makalata a mu ofesi, ndipo ndime ino yokha ndaifufuta kanayi. Ndikuopa zinthu ziwiri: kunena zoposa zimene ndinaona, ndi kudziikira kumbuyo pamene sindiyenera. Koma bambo amene ndikufuna muwadziwewa sangakhale pansi n'kudzilembera okha. Nditawauza kuti ndayamba kulemba za iwo anangoti, "Lembani, mwananga, bola manambala musalakwitse." Ndiye ndayesetsa.

Timawatchula kuti a Tepi. Dzina lawo lenileni lili m'faelo ya mu ofesi, koma palibe amene amaligwiritsa ntchito, chifukwa tepi yoyezera anthu sichoka m'khosi mwawo. Amafika nayo m'mawa ili m'khosi, amaweruka nayo ili m'khosi. A Singano, amene amadula nsalu masiku ano, munthu wochepa thupi koma wa pakamwa pakuthwa, amalumbira kuti anawaonapo nayo pa ukwati, itagona pamwamba pa tayi. A Tepi sakana. Amati mkwati jekete lake linali lalikulu m'mapewa, ndipo akanawafunsa akanamuthandiza pompo.

Timagwira ntchito m'chipinda chapamwamba pa sitolo ya matayala. Timasoka maovololo, mayunifomu a alonda ndi a ophika, nthawi zina makoti oyera a m'mafamase. Muli makina osokera khumi ndi awiri m'mizere iwiri, tebulo lalitali lodulirapo nsalu pafupi ndi zenera, ndi kachipinda ka simbi kumbuyo, kamene chitseko chake sichitsekeka chifukwa cha nthunzi. Pakona yapafupi ndi masitepe, kuseri kwa katani yobiriwira, ndi pamalo pa a Tepi: kalilole wong'aluka pansi, kampando kopanda choyedzamira, ndi kompyuta yakale yokhala ndi sipika imodzi.

Analowa pakhomo limeneli ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, nthawi ya bambo awo a abwana athu a panopa. Anayamba ndi kusita, kenako kusokerera mabatani, kenako anapatsidwa sizasi yaikulu, ndipo anadula nsalu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Matelala akale amati munthu akangokwera masitepe, a Tepi ankadziwa kale chiuno chake asanamufike pafupi, ndipo tepi ankangoizunguliza kuti mwini wake asaone ngati akumupeputsa. Abwana athu anakulira pansi pa tebulo lodulirapo lija, akutola tizidutswa ta nsalu tosokera zidole, n'chifukwa chake mpaka lero pakakhala palibe makasitomala amawaitana kuti amalume.

Zaka zisanu zapitazo maso awo anayamba kuchita chifunga. Sanadikire kuti wina awauze. Tsiku limene anayala nsalu yakuda poganiza kuti ndi yabuluu, anapukuta sizasi ija ndi mafuta a makina, n'kukaiika m'manja mwa a Singano pamaso pa onse, akuti, "Musadulire nayo mapepala." Abwana anawasamutsira pakona poyezera anthu. Manambala a pa tepi sankawaona bwino, ndiye anatenga ulusi wokhuthala n'kusokerera timfundo m'mphepete mwake, kakang'ono pa inchi iliyonse, kakakulu pa mainchesi asanu aliwonse. Theka la inchi amalipeza ndi chikhadabo. Amawerenga ndi zala uku akucheza ndi munthu. "Pumani bwino, bwana," amatero kwa amene akoka mimba. "Ovololoyi muziivala tsiku lonse, simudzatha kugwira mpweya mpaka madzulo."

Chovuta chinali kulemba. Miyeso yonse imalowa m'pepala la mabokosi la pakompyuta, lija ophunzira amati sipuredishiti, koma ife timangoti kaundula. Munthu aliyense ali ndi mzere wake ndi mabokosi asanu: khosi, chifuwa, chiuno, mkono, mwendo. Kuchokera m'menemo mumatuluka kapepala kamene a Singano amadulira nsalu. A Tepi sikirini amangoiona kuwala. Mabatani a manambala amawadziwa ndi zala, poti pa nambala 5 anamatapo kabatani ka malaya kuti kaziwalondolera. Koma chala chimaterereka. Nthawi zina chimadumpha bokosi, nthawi zina chimadina 1 m'malo mwa 2.

Amene anathetsa vutoli ndi mwana wawo wamkazi wachiwiri, amene anaphunzira za makompyuta ndipo amagwira ntchito mumzinda wina wakutali. Atabwera kutchuthi anakhala nawo pakona paja masiku awiri, akuwafunsa funso limodzimodzi: "Bambo, inu mumadziwa bwanji kuti nambala iyi siingatheke?" Iwo ankayankha zimene manja awo anaphunzira. Mwendo wa munthu sungafupike kuposa mkono wake. Khosi silingafike theka la chifuwa. Mkono wa munthu wamkulu sutsika mainchesi akutiakuti. Bokosi lisatsale lopanda kanthu. Mwanayo anasonkhanitsa malamulo onsewa m'kapulogalamu kakang'ono kobisika kuseri kwa kaundula, kamene amakatcha makro. Nambala ikaphwanya lamulo, bokosi limafiira, ndipo kompyuta imalira.

Poyamba inkalira ngati kabelu, koma kabeluko kankamira m'phokoso la makina khumi ndi awiri. Mwanayo anaganiza za mawu amene bambo ake sangalephere kuwamva ngakhale kunja kukugunda mabingu. Anapita kunyumba ndi foni n'kujambula amayi ake. Kuyambira pamenepo, a Tepi akalakwitsa nambala, sipika ija imakuwa ndi mawu a akazi awo: "Aaa, bambo, onaninso!"

Matelala onse amayankhira pamodzi, "Onaninso!" osadzutsa n'komwe mutu pa makina.

"Zaka zonsezi kukalipidwa kunyumba sikunakukwaneni, akulu?" amatero a Singano. "Mwabwera nawonso kuntchito."

"Awa ndi abwino," a Tepi amayankha akukonza nambala. "Amanena kamodzi kokha."

Chimene ndikupempha muchigwire bwino ndi ichi: nambala ikakhala yolondola, kompyuta sinkanena kanthu. Kwa a Tepi, chete ankatanthauza kuti zonse zili bwino. Anagwira ntchito motero zaka zinayi, ndipo sipanabwerepo ovololo ndi imodzi yomwe chifukwa cha muyeso.

Tsopano ndinene za ine, mwachidule momwe ndingathere. Ndinabwera chaka ndi theka chapitacho ngati kalaliki wa makalata ndi maoda. Poti ndili ndi dipuloma ya makompyuta, amanditchula kuti a Dipuloma, ndipo chilichonse chokhala ndi pulagi chikavuta amaitana ine, ngakhale ketulo. Ndine munthu wokonda kuti chinthu chilichonse chikhale pamalo pake. Mapensulo anga onse amaloza mbali imodzi. Kompyuta ya a Tepi inkandiwawa mtima nthawi zonse ndikaiona, chifukwa sikirini yake inali yodzaza mafaelo osalongosoka: zithunzi, makalata akale, china cholembedwa "chatsopano", china "chatsopano2", china "chatsopano chenicheni".

Loweruka lina m'mawa a Tepi anapita kukayeza alonda ku fakitale ina, ndipo ine ndinaona kuti mpata ndi umenewu. Ndinapanga mafoda anayi: Miyeso, Makalata, Zithunzi, Zina. Ndinasankhula faelo iliyonse mosamala. Panali kena kolembedwa "mayi2", kokhala ndi chizindikiro cha nyimbo. Sindinakatsegule, poopa kuti mwina ndi za m'banja mwa eni ake. Sindinakafufutenso, ndipo ndinadzitama mumtima chifukwa cha zimenezo. Ndinakaika mu Zina n'kukapatsa dzina labwino lakuti "Nyimbo yosadziwika 1". Mawu a mayi aja ndinkawamva tsiku ndi tsiku, koma ndinkaganiza kuti amakhala m'kati mwa kaundula momwemo. Pomaliza ndinatsegula kaundulayo kuti ndimuyese. Ndinalemba miyeso yanga, yonse isanu, yolondola bwinobwino. Palibe chinavuta. Ndinapukuta kiyibodi, n'kuwongola kampando, n'kubwerera ku ofesi mtima uli m'malo.

Panadutsa masabata atatu pakona paja pali zii. A Tepi ankaoneka okondwa. "Masiku ano zala zikundimvera," anatero tsiku lina pa tiyi.

"Si zala ayi," anatero a Singano. "Mayi akwiya, sakukuyankhulani. Mwawalakwira chiyani?"

Tonse tinaseka, ine ndemwe.

M'masabata amenewo munalowa oda ya maovololo 60 a anthu owotcherera zitsulo pa kampani ina yopanga mageti. Tinakapereka Lolemba. Lachiwiri m'mawa kapitawo wawo anakwera masitepe atanyamula thumba, iye mwini atavala imodzi kuti tione ndi maso athu: manja a ovololoyo ankathera m'zigongono. "Anthu anga amagwira moto," anatero mosakweza mawu. "Mkono ukakhala pamtunda, apsa." M'thumbamo munali ena khumi, ena othina pakhosi, ena miyendo yokwekwereza pansi.

Abwana anafunsa a Singano chifukwa chake anadula mkono wa mainchesi 14 osadabwa.

"Ndinadabwa, abwana," anayankha, ndipo ulendo uno sankaseka. "Koma pepala la a Tepi silifunsidwa. Ndinangoti anthu analengedwa mosiyana."

Masana ake abwana anaitanira a Tepi mu ofesi, ine ndili pomwepo ndi kope langa. Abwana athu sakalipa. Anatseka chitseko n'kukhala pa mpando wa alendo, moyandikana nawo.

"Amalume, mwina nthawi yakwana yoti mukapume."

"Kompyuta sinandiuze kanthu, mayi," anatero a Tepi. "Ine ndinkamvetsera."

"Ndamva. A Dipuloma aione mpaka Lachisanu. Koma tikapanda kupeza mutu wake, ndiwapempha alembe kalata, mwezi uno ukhale womaliza. Sindingaike manja a anthu pamoto."

A Tepi anagwedeza mutu. Kenako anachita chinthu chimene sindinaonepo: anavula tepi ija m'khosi, n'kuikulunga pang'onopang'ono pa zala ziwiri, n'kuiika m'thumba la malaya. Khosi lawo linkaoneka lalitali, lachilendo.

Lachitatu ndinakhala pakona paja ndi kope ndi pensulo. Nditangotsegula mizere ya owotcherera aja ndinaona mabokosi ofiira, khumi ndi limodzi ndendende. Makina athu osindikizira amatulutsa zakuda zokha, n'chifukwa chake a Singano kufiirako sanakuone pa mapepala awo. Ndiye kuti makro inali moyo, inkagwira zolakwika monga kale, koma pakamwa inali itatseka. Ndinalemba 99 m'bokosi la khosi. Linafiira. Sipika ili chete.

Ndinayamba ndi zapafupi, monga anatiphunzitsira kukoleji, chilichonse ndikulemba m'kope ndi nambala yake. Ndinaona ngati wina anatsitsa voliyumu: inali pamwamba. Ndinazula waya wa sipika, n'kuuzira pabowo, n'kulumikizanso. Ndinakatenga sipika ya mu ofesi n'kusinthanitsa. Ndinaika nyimbo kuchokera pa foni yanga kudzera mu kompyutamo, ndipo inalira mwamphamvu moti a Singano anavina ndi sizasi m'manja mpaka abwana anasuzumira. Ndiye vuto silinali sipika. Ndinazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso, kawiri. Ndinaona ngati chitetezo cha pulogalamu chinaletsa makro kugwira ntchito, ngakhale ndinkadziwa kuti ikanaletsedwa mabokosi sakanafiira. Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti kompyuta ikalephera chinthu imatulutsa kabokosi kodandaula. Apa panalibe kabokosi, panalibe dandaulo, ngati kuti palibe chalakwika.

A Tepi anakhala pambali panga tsiku lonse, manja ali pa mawondo. Sanandifulumizitse. Kamodzi kokha anafunsa, "Mayiwa athawa, kapena angogona?"

"Ndikufufuza, bambo."

"Fufuzani bwino. Kunyumba akakhala chete chonchi, ndimadziwa kuti china ndachiika pamalo polakwika."

Madzulo ndinakauza abwana za mabokosi ofiira, ndikuganiza kuti nkhani yathera pomwepo, poti zinaonekeratu kuti a Tepi sananame. Abwana anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndawakhulupirira kuyambira dzulo," anatero. "Funso langa ndi lina. Chinthuchi chinasiyiranji? Ngati chimangosiya chokha nthawi imene chafuna, mawa chidzasiyanso, ndipo amalume sadzadziwa. Ndipezereni chifukwa."

Lachinayi ndinachita chimene ndinkachizengereza. Ndimaopa kutsegula ntchito ya munthu wina, koma panalibenso kolowera, ndiye ndinatsegula makro yeniyeniyo, mizere imene mwana wawo analemba. Inali yaukhondo, ndipo pamwamba pa lamulo lililonse panali kandemanga: "bambo akuti khosi silifika theka la chifuwa". Pofika pansi ndinasokonezeka, ndipo a Tepi anandipatsa foni yawo kuti ndimuimbire mwini wake pa nthawi ya nkhomaliro.

"Ndili ndi mphindi zitatu, achemwali," anatero mwanayo, kumbuyo kukumveka phokoso la mbale. "Mawu a amayi sali mu kaundulamo ayi. Ali m'faelo yawoyawo. Makro imangodziwa adiresi yake, ikafuna kulira imapita kukawatenga kumeneko. Faeloyo ikasuntha kapena kusintha dzina, makro imagogoda pakhomo lopanda munthu."

"Nanga bwanji sikudandaula?"

"Ndinailetsa ndine. Pali mzere pamwamba wouza makro kuti china chikakanika izingopitirira. Kabokosi kodandaula kakatuluka bambo sakaona, amangolembabe, zonse n'kuima. Ndinkaganiza kuti ndawathandiza. Tawerengani adiresiyo, ili mzere wachitatu kuchokera pansi. Bambo ali bwino?"

Ndinaiwerenga. Inkathera ndi mawu akuti "mayi2".

Sindikumbukira kuti ndinamutsanzika bwanji. Ndinatsegula foda ya Zina. "Nyimbo yosadziwika 1" inali pomwe ndinaisiya, pamzere wowongoka bwino. Ndinaibwezera pamalo pake ndi dzina lake lakale. Ndinalemba 99 m'bokosi la khosi.

"Aaa, bambo, onaninso!"

Makina onse khumi ndi awiri anaima. Kenako chipinda chonse chinakuwa, "Onaninso!" wina akuimba m'manja, wina akumenya tebulo. A Singano anagwada bondo limodzi kutsogolo kwa sipika: "Takulandirani, mayi, ulendo munayenda bwanji?" A Tepi ankaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka, uku akupukuta magalasi ndi m'mphepete mwa malaya.

Abwana anabwera n'kuima pa katani. "Chinavuta n'chiyani?"

"Faelo ya mawu inasuntha pamalo pake, abwana."

"Yokha?"

Apa ndi pamene ndime yake ndailemba n'kuifufuta kambirimbiri, koma ndiisiya momwe zinalili. Ndinayankha kuti, "Makompyuta amatero nthawi zina."

Abwana anandiyang'ana, n'kuyang'ana a Tepi. "Ndiye kuti ikhoza kusunthanso," anatero motsitsa mawu. "Kalata ija lembanibe, ndiiona mawa."

Ndinailemba masana omwewo. Inali kalata yabwino, yaulemu, yothokoza chifukwa cha zaka zonse, yopanda cholakwika ndi chimodzi chomwe. Ndinaiika m'envulopu n'kuisiya pa desiki ya abwana.

Poweruka ndinawapeza a Tepi pa masitepe. Amatsika pang'onopang'ono, dzanja lili pakhoma, akuwerenga masitepewo. Ndinayenda nawo limodzi. Titafika pansi, pamene pamanunkha matayala atsopano, anaima.

"Loweruka lija ndinapita kukayeza alonda," anatero, "nditabwera ndinapeza kampando kanga kawongoledwa, kiyibodi yapukutidwa mpaka m'mipata. Ndinati, pano padutsa munthu waukhondo."



"Musadandaule, mwananga. Inu mwangoyamba kumene, ndipo ntchito mumaigwira bwino. Ine ndinatsala pang'ono kale. Chaka chimodzi, ziwiri, kusiyana kwake n'kochepa." Anandigwira paphewa, monga amagwirira munthu pofuna kuyeza mkono, n'kuwolokera tsidya lina la msewu kumene amakwerera basi.

Sanandiuze kuti ndikanene. Akanandiuza mwina ndikanapeza podzikanira.

Lachisanu pa tiyi wa m'mawa, onse atazungulira tebulo lodulirapo ndi makapu awo, ndinaimirira ndi kope langa. Ndinali nditalemba zoti ndinene, mfundo zisanu, koma nditatsegula pakamwa zinasakanikirana. Ndinati faelo ija sinasunthe yokha, ndinaisuntha ndine. Ndinati ndinaisintha dzina osafunsa mwini wake, ndipo poyesa kaundula ndinalemba manambala olondola okhaokha, pamene mawu aja amatuluka nambala ikalakwika. Ndinati dzulo ndinanama. Ndinati makompyuta sasuntha mafaelo okha, ndipo munthu akapanda kuikhudza, faeloyo ikhala pomwepo mpaka kompyutayo idzafe.

A Singano ndi amene anayamba. "Ndiye mukuti munayesa alamu osabweretsa wakuba?"

"Eya."

"Sukulu imeneyi ndiyofunika," anatero, akuviika buledi mu tiyi. Ena anaseka, koma sikunali kuseka kondinyoza, kapena ngati kunali, kunali koyenera.

Abwana sanaseke. Anafunsa ngati pali njira yoti a Tepi azidziwa m'mawa uliwonse, asanayeze munthu, kuti mawuwo alipo. Ndinati ilipo: kaundula akangotsegulidwa azilankhula kaye, ndipo akapanda kulankhula, asayambe ntchito. Anafunsa a Tepi ngati zala zawo zayamba kulakwitsa kuposa kale.

"Zimalakwitsa chimodzimodzi, mayi. Katatu, kanayi pa sabata. Amakonza ndi awowo," anatero akuloza kumene kuli sipika.

"Ndiye kuti azakhali akhala akugwira ntchito pano zaka zinayi ine osawapatsa ngakhale yunifomu," anatero abwana. Anatulutsa envulopu ija m'thumba la epuloni n'kundibwezera. "Iyi mukaing'ambe nokha. Amalume, mukhala. Koma kuchipatala cha maso kumene mwakhala mukukuzemba kuja mupita mwezi uno, ndikuperekezani ndine. Ndipo inu a Dipuloma, maovololo khumi ndi limodzi aja akufunika kuphwasula."

A Tepi anamaliza tiyi wawo, n'kupisa m'thumba la malaya, n'kubwezera tepi m'khosi.

Ndinaphwasula maovololo aja masiku awiri, ndi kalumo kakang'ono kophwasulira ulusi. Sindinkadziwa kuti matelala athu amasoka molimba chonchija. A Tepi ndi amene anandiphunzitsa: kudula ulusi wachinayi uliwonse mbali imodzi, kenako kukoka wa kuseri, umatuluka wonse ngati chingwe. Anandionetsa ndi zala zokha, nkhope ili kuzenera. Owotcherera aja anawayezanso mmodzimmodzi, ndipo kapitawo wawo atavala yatsopano anatambasula manja kutsogolo n'kugwedeza mutu.

Lolemba lotsatira akazi awo anabwera kudzajambulitsa mawu atsopano. Ndinkayembekezera chimayi chachikulu cha mawu ngati lipenga. Anakwera masitepe mayi wamfupi, wofatsa, wopereka moni kwa telala aliyense motsitsa mawu moti ankachita kuwerama kuti amve. Atafika kwa ine anandigwira dzanja nthawi yaitali.

"Ndinu amene munanditsekera m'chipinda cha Zina masabata atatu?"

"Ndine, mayi. Pepani."

"Ndinapumako," anatero. "Bambowa amatopetsa."

Tinajambula kasanu chifukwa ankangoseka, a Singano akuwapangira nkhope kuseri kwa katani. Ulendo wachisanu anayang'ana amuna awo, osati foni, ndipo mawu aja anatuluka okha, akuthwa ngati kale: "Ndilipo, bambo, yambani." Ndinaika mafaelo onse awiri m'foda imodzi ndi kaundula, nditapempha kaye chilolezo kwa a Tepi ndi kwa mwana wawo, ndipo iye anasintha adiresi ndi mzere uja wouza makro kungopitirira. Panopa mawu akasowa, sikirini yonse imada bii ndipo kiyibodi imakana, zimene a Tepi amaziona ngakhale ndi maso awowo.

Kuchipatala anapita. Awapatsa tsiku loti akachotse ng'ala m'diso limodzi, linalo akuti adzaona pambuyo. Iwo akuti ngakhale adzaone bwino, timfundo ta pa tepi sadzatichotsa, ndipo mayi adzakhalabe mu sipika, chifukwa popanda iwo matelala angasowe chokuwa.

Ine ndinkaganiza kuti kusamala ndi kuika zinthu m'mizere. Ndinalemba makope atatu kukoleji za kusamala kotero, ndipo ndinakhoza bwino. Zimene ndatsimikiza kuchita tsopano ndi zazing'ono, ndipo ndazilemba pa kapepala n'kukamata pa desiki yanga. Chinthu cha munthu wina, kaya chili pamalo ooneka opusa bwanji, sindichisuntha ndisanamufunse kuti chimagwira ntchito yanji pamenepo. Ndikafunsidwa chimene chavuta, ndizinena tsiku lomwelo, osati la mawa lake. Ndipo Lolemba lililonse m'mawa, makina asanayambe kulira, ndizipita kuseri kwa katani yobiriwira ija, ndizipempha a Tepi kuti asunthe pang'ono, ndizilemba dala 99 m'bokosi la khosi, n'kudikira kuti andikalipire.